Khomo lolowera ku yunivesite lisakhale MSCE yokha

Abale anga nkhani iyi yakhala ikundidya mumtima kwa nthawi ndithu ndiye lero ndingoitulutsa basi.

Mwana wa achemwali anga analemba fomu 4 pa CDSS ina kwathu kumudzi, sukulu yoti labu kulibe, mabuku a Chingerezi amagwirizira ana asanu buku limodzi. Physics anapeza 3, Masamu 4, Agriculture 3, koma Chingerezi 7. Amene munalembako MSCE mukudziwa kale kuti kirediti imathera pa 6, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, ndipo kuti upikisane nawo malo ku mayunivesite a boma pamafunika makirediti 6 Chingerezi chili momwemo. Anabwereza ku open, Chingerezi 7 yemweyo. Kenako anakaphunzira zamagetsi pa koleji ina ya ntchito zamanja, satifiketi ali nayo, ndipo pano ndi amene akuikira anthu masola pa trading. Ine ndinamuona ndi maso angawa atakhala pamkeka ndi inveta yakupsa ya munthu wa saluni, waimasula yonse timasikuluwu wandandalika pa mbale ya pulasitiki, akununkhiza kabolodi kuti apeze pomwe papsa, kufika madzulo makina ometera akulira. Mwana ameneyu amafuna digiri ya injiniyaring'i ndipo mutu wake ndi wa zomwezo, koma pepala lake la zamagetsi lija silimutsegulira khomo limeneli, akumuuza kuti abwerere kukalimbana ndi kompozishoni kachitatu.

Chimene chimandiwawa nchoti njira ina kuno ilipo kale, kungoti ndi ya omwe ali ndi ndalama. Mwana wa ku Kamuzu Academy ku Mtunthama amalemba IGCSE ndi A Level za Cambridge, wa ku St Andrew's ku Blantyre chimodzimodzi, ku Bishop Mackenzie ku Lilongwe kuli mayeso ena akunja otchedwa IB. IGCSE imalandiridwa polowa ku UNIMA, MUBAS, KUHeS, LUANAR, MZUNI ndi MUST ngati mmene ilili MSCE, ndipo akafuna kunja A Level kapena IB imamutengera. Ine sindikudana nawo anawa ayi, makolo awo anakhetsa thukuta ndipo mayesowo si ophweka. Koma taonani kusiyana kwake, mayeso a Cambridge amalembedwa kawiri pachaka, May mpaka June kenako October mpaka November, ndiye mwana akaphonya sabujekiti imodzi amangodikira miyezi yochepa nkukonza. Wa MSCE akaphonya ndi chaka chathunthu chapita, fizi ina, ndalama ya mayeso ina, ndipo kwa mtsikana wa kumudzi chaka chimenecho nthawi zambiri ndi chomwe amakwatiwira.

Mukukumbuka 2020? Sukulu zinatsekedwa ndi Covid, ana atayamba kulemba MSCE mayesowo anabedwa, mu November boma nkuwathetsa, nkudzalembanso mu January 2021. Dziko lonse ana a fomu 4 anangoti kakasi chifukwa khomo ndi limodzi lomwelo, likatsekeka aliyense amaima panja.

Anzathu a ku Joni mutichitire umboni. Kumeneko kuyambira 2007 makoleji a ntchito zamanja (TVET) ali ndi satifiketi yotchedwa NC(V), mwana amatha kuchoka ku sekondale wamba nkukaphunzira zamagetsi kapena zomangamanga pamodzi ndi chiyankhulo ndi masamu, akafika Level 4 pepala lake lili pa mlingo umodzi ndi matric, yomwe ili ngati MSCE ya kumeneko, ndipo akakhoza bwino amaloledwa kufunsira malo ku yunivesite. Ku England kuli satifiketi ya ntchito zamanja yotchedwa BTEC, mu 2020 anawonjezanso ina yotchedwa T Levels. Sikuti zonse zikuyenda myaa kumeneko, mayunivesite ena amanyinyirikabe kuwatenga, koma khomolo lilipo.

Ndikudziwa ena munena kuti ku yunivesite amaphunzitsa mChingerezi ndiye wa 7 akamva chiyani. Funso labwino ndipo sindikulithawa. Koma 7 wa pa CDSS yopanda laibulale sakutiuza kuti mwanayo ndi mbuli, akutiuza za sukulu yomwe anaphunzirako. Mumuyese mwanayo pa zomwe akufuna kukaphunzira, mumupatse chaka chimodzi chokonzekera chokhala ndi Chingerezi ndi Masamu, akalephera pamenepo ndiye nkhani ina. Kale ku Chanco ndi ku Poly anthu ankalemba mayeso a entrance, ndiye kuyesa munthu kupatula MSCE si zachilendo kuno. Ena munena za mature entry, njira yolowera anthu akuluakulu ija, eya ilipo, koma imafuna dipuloma, zaka zogwira ntchito, MSCE amaifunsabe, komanso fizi yake uyipeze wekha, munthu amakafikako ali ndi ana atatu kale.

Za kuchepa kwa malo ndikuvomereza, ngakhale a mapointi abwino ambiri amatsala chaka ndi chaka. Koma ine pempho langa kwa akuluakulu a zamaphunziro si lalikulu, pakhale satifiketi ya ntchito zamanja ya mlingo wa fomu 4 yovomerezeka ndi boma, yoti mwana wa ku Nasawa, Soche, Namitete kapena Livingstonia Technical akakhoza bwino azipikisana nawo pa malo ochepa omwewo mmaphunziro ogwirizana ndi ntchito yake. Olo atangopatula malo 10 pa kalasi ya injiniyaring'i poyambira.

Dzulo achemwali anandiimbira akuti achimwene, ndigulitse soya yense kuti mwanayu alembetsenso kachitatu kapena timusiye azingopanga za masolazi? Ndinakhala chete pa foni mpaka mayunitsi awo anatha, ndipo mpaka pano sindinawaimbirenso.