Chenjezo kwa achinyamata olemba mapulogalamu muno mu Harare

Ana anga amene mukulemba mapulogalamu a kompyuta, kaya mukugwirira ntchito kunyumba ku Highfield ndi ku Mbare kapena m'maofesi a m'tauni, tcherani khutu, chifukwa ulesi umene mukuonetsa potchula ma variable, timalo tosungiramo manambala kapena mawu m'pulogalamu, wafika pochititsa manyazi. Mukulemba x, a1, tmp2 kapena data ngati kuti pulogalamuyo idzawerengedwa ndi inu nokha mpaka kalekale, pamene mawa mukapita ku Johannesburg, mnzanu wolowa m'malo mwanu adzatsala akukanda mutu osadziwa chimene tmp2 ikusunga.

Vutoli ndi lalikulu makamaka m'dziko muno, momwe kasitomala wina amalipira ndi madola a ku America pamene wina amalipira ndi ZiG, ndalama imene Reserve Bank of Zimbabwe inakhazikitsa mu Epulo 2024. Mukalemba amount basi m'pulogalamu ya m'sitolo, tsiku lina wina adzaphatikiza ZiG ndi madola, ndipo kompyuta sidzadandaula konse, popeza kwa iyo zonsezo ndi manambala chabe. Amene adzalire ndi mwini sitolo potseka mabuku kumapeto kwa mwezi. Kodi kulemba price_usd ndi price_zig kukuthyolani zala? Musaganize kuti nambala yosanena muyezo wake ndi nkhani yaing'ono, chifukwa mu 1999 chombo cha NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, chotchedwa Mars Climate Orbiter chinatayika pamene pulogalamu ina inkapereka manambala a mphamvu m'muyezo wa mapaundi, ina n'kumawawerenga ngati manyutoni, womwe ndi muyezo wina wa mphamvu.

Akuluakulu amene ankalemba mapulogalamu m'chilankhulo cha kompyuta cha Fortran yakale anali ndi chifukwa chofupikitsira mayina, pakuti dzina silinkaloledwa kupitirira zilembo 6. Inu mulibe chowiringula, popeza pulogalamu yolembera imakumalizirani dzina mukangoyamba zilembo zoyamba. Ngakhale malangizo a chilankhulo cha Python otchedwa PEP 8, olembedwa mu 2001, amaletsa kugwiritsa ntchito l, O kapena I paokha ngati dzina chifukwa zimafanana ndi 1 ndi 0. Za i wowerengera maulendo amene pulogalamu yabwereza ntchito m'mizere iwiri kapena itatu sindikukangana nanu, ameneyo aliyense amamudziwa.

Choipa koposa ndi dzina lonama. Ngati variable ikutchedwabe price_rtgs, potengera RTGS, ndalama yakale ya dziko lino, pamene lero ikusunga ZiG, isintheni ponseponse pamene ikupezeka musanapereke ntchitoyo kwa mnzanu kuti aione.