Nkhukundembo ndi dzina chabe, a mtolankhani

Mwalemba kuti pa Thanksgiving, tsiku la chikondwerero chothokoza limene limakhala Lachinayi chakumapeto kwa November, anthu a ku America amangodya nkhukundembo basi. Ayi ndithu, a mtolankhani. Ndakhala ku Atlanta zaka 6, ndipo kuno kumwera chimene anthu amalimbirana patebulo ndi zapambalizo: makaroni ophika ndi tchizi, masamba a collard owiritsa maola ambiri ndi nyama yowamba, mbatata yothira shuga mpaka kunanda, ndi buledi wa ufa wa chimanga wokhala ngati chigumu chathu. Maungu amawasandutsa pie, chakudya chotsekemera chophika mu uvuni. Nkhwani wake ndiye sadya n'komwe, zimandiwawa mtima.

Inu amene mwangofika kumene kuno, mverani. Chaka changa choyamba ndinagula nkhukundembo ya makilo 7 Lachitatu madzulo, youma gwaa ngati mwala. Sindinkadziwa kuti yaikulu chonchi imafuna masiku atatu kapena anayi mufiriji kuti isungunuke. Lachinayi alendo akugogoda, m'mimba mwa nkhukundembo ija mukadali madzi oundana. Tinathamangira kuphika nsima ndi nkhuku, ndipo mzungu wina woyandikana nafe anawonjezera mitanda iwiri, akudya ndi foloko.