Maloto salemba buku, achimwene

Zandikwana. Mnyamata wina waika pa Facebook mutu woyamba wa nkhani yake ya anamapopa, pamwamba pake n'kulemba modzitama kuti iye sawerenga mabuku a ena poopa kuti angamuwonongere luso, amangodikira nkhani imubwerere kutulo ngati mmene zinamuchitikira Stephenie Meyer, wolemba buku la anamapopa lotchedwa Twilight. M'munsimo anthu ali kalikiliki kumuchemerera, wina akuti ndi mphatso, wina akuti anabadwa nazo. Koma tawerengani nkhaniyo. Pa ndime yachiwiri namapopa wake akupsa ndi dzuwa, pofika ndime ya 6 yemweyo akuyenda masanasana dzuwa lili paliwombo, osamva ngakhale kuyabwa. Mphatso yake ndi imeneyi?

Achimwene, kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhani ya Meyer munangoimva theka. Inde, mayiyu analota pa 2 June 2003, anaona mtsikana akucheza ndi mnyamata wonyezimira padzuwa pakati pa nkhalango. Koma lotolo linangomupatsa mutu umodzi, mutu 13 wa Twilight. Ina yonseyo anailemba ali maso, kwa miyezi itatu. Tawuni ya Forks ya ku Washington sanailote. Anachita kufufuza pa intaneti dera limene mvula imagwa kwambiri ku America, chifukwa atengambali ake sankayenera kuonekera padzuwa. Ndipo munthuyu anaphunzira za mabuku a Chingerezi ku Brigham Young University. Amene mukumutchulayo ngati chitsanzo cha kusawerenga anawerenga mpaka kutenga digiri.

Loto limapatsa chithunzi chimodzi basi. Buku limafuna ntchito.

Popeza mukulemba za opopa magazi, tiyeni tipite kwa amene nonse mumabako osadziwa, Bram Stoker. Buku lake la Dracula linatuluka mu 1897, koma tsamba loyamba la manotsi ake lili ndi deti la mu March 1890. Zaka 7, ndipo uku akugwiranso ntchito yoyang'anira Lyceum Theatre ku London. Manotsi amenewa alipo mpaka lero ku Rosenbach, nyumba yosungira mabuku ndi zolemba zakale mumzinda wa Philadelphia, masamba oposa 100, ndipo mukafuna kudziwa kumene "mphatso" imachokera ndi mmenemo. Poyamba chilombo chake chinkatchedwa Count Wampyr ndipo chinkakhala ku Styria, m'dziko la Austria. Mu August 1890, ali patchuthi ku Whitby, tawuni ya m'mbali mwa nyanja ku England, analowa mulaibulale n'kutenga buku la William Wilkinson la mu 1820 lonena za Wallachia ndi Moldavia, madera a kum'mawa kwa Ulaya. Dzina lakuti Dracula analipeza mmenemo, n'kufufuta lakalelo. Ku Transylvania, kwawo kwa Dracula m'bukumo, sanapondeko phazi moyo wake wonse. Zikhulupiriro za anthu akumeneko anazitenga mu nkhani ya Emily Gerard ya mu 1885, mayi amene anakhalako. Sitima ya m'bukumo imene imafika ndi mtembo wa kapitawo womangiriridwa pachiwongolero, ija yotchedwa Demeter yochokera ku Varna, anaipanga kuchokera ku sitima yeniyeni ya ku Russia, Dmitry yochokera ku Narva, imene inatitimira mumchenga pa Whitby pomwepo mu October 1885. Anayenda kumanda a patchalitchi n'kumakopera mayina a pa ziliza. Anakopera mawu a chilankhulo cha asodzi akumeneko kuti nkhalamba ya m'bukumo iziyankhula ngati munthu wa komweko. Anayang'ana nthawi zonyamukira sitima zapamtunda, natenga kalendala n'kuika chochitika chilichonse pa tsiku lake.

Munthu wolota amakopera mayina a pa ziliza?

Ndipo chimene mwalakwitsa inucho, Stoker anachikonza asanayambe n'komwe: malamulo a chilombo. Sichioneka pagalasi. Sichilowa m'nyumba pokhapokha wina wam'nyumbamo atachiitana. Chimagona m'dothi la kwawo, n'chifukwa chake chinabwera ku England ndi mabokosi 50 a dothi. Malamulo amenewa ndi amene amayendetsa nkhani yonse, chifukwa adani ake amasaka mabokosiwo limodzilimodzi mpaka kutsala limodzi. Chotsani lamulo la dothi, theka la buku lagwa. Za dzuwazo, Dracula wa Stoker amayenda masana mu London bwinobwino, mphamvu zokha n'zimene zimachepa. Zofa ndi dzuwa zinabwera ndi filimu ya ku Germany, Nosferatu, mu 1922. Ndiye inu amene mukuti simutengera munthu, dzuwa lanulo mwalitenga mufilimu, kenako mwaliiwala patadutsa ndime zinayi.

Wina anditchulira Mary Shelley, wolemba Frankenstein, akuti nayenso analota. Chabwino. Mu June 1816 anali ku Villa Diodati m'mbali mwa nyanja ya Geneva, ali ndi zaka 18. Kunja kunali mvula yosalekeza, chifukwa phulusa la phiri la Tambora limene linaphulika mu 1815 linasokoneza nyengo mpaka ku Ulaya. Atabindikira m'nyumba, ankawerengerana buku la nkhani za mizukwa za ku Germany zomasuliridwa m'Chifalansa, mpaka mnzawo wolemba ndakatulo Lord Byron ananena kuti aliyense alembe yake. Kuwerenga kunayamba, kulemba pambuyo. Mary mwiniwake anafotokoza m'mawu oyamba a bukuli litasindikizidwanso mu 1831 kuti panapita masiku akufunsidwa m'mawa uliwonse ngati wapeza nkhani, iye n'kumayankha kuti ayi. Chinatsegula mutu wake ndi kumvetsera Byron ndi Percy Shelley akukambirana za sayansi ya nthawi imeneyo, ngati magetsi angadzutse chakufa. Luigi Galvani anali atagwedeza kale miyendo ya achule akufa ndi magetsi, ndipo mu 1803 Giovanni Aldini anachita zomwezo pa mtembo wa munthu wonyongedwa ku London. Usiku umenewo ndi pamene chithunzi chinabwera. Chinabwera m'mutu wodzadza kale, mwa mwana wa William Godwin ndi Mary Wollstonecraft, onse olemba mabuku. Frankenstein inatuluka mu January 1818, patapita chaka ndi theka.

Mutu wopanda kanthu umalota zopanda kanthu.

J.R.R. Tolkien ndiye musamutchule n'komwe. Chiganizo choyamba cha The Hobbit chinamubwerera akuchonga mayeso, pa pepala limene wophunzira anasiya losalemba. Chiganizo chimodzi. Zotsalazo? Munthuyu anali pulofesa wa Chingerezi chakale ku Oxford kuyambira 1925, ndipo asanafike apo anagwirako ntchito yolemba Oxford English Dictionary. Mayina a Thorin, Fili, Kili, Bombur ngakhale Gandalf anawatenga m'ndakatulo yakale ya ku Iceland yotchedwa Völuspá. Wakuba amene akuba chikho kwa chinjoka chogonera chuma, chinjokacho n'kudzuka kukatentha mudzi, ali mu Beowulf, ndakatulo imene Tolkien ankaphunzitsa. Zilankhulo ziwiri zimene anapeka, chimodzi anachiumba potsanzira kamvekedwe ka chilankhulo cha ku Finland, china cha ku Wales. Madambo odzadza nkhope za akufa a mu The Lord of the Rings ananena yekha kuti ali ndi kena kake ka kumpoto kwa France nkhondo ya ku Somme itatha, kumene anamenya nawo mu 1916. The Lord of the Rings anaiyamba mu 1937, inatuluka mu 1954 ndi 1955. Chinamudyera nthawi china n'chiyani? Mwezi wakumwamba. Atengambali ake atabalalika magulumagulu, anazindikira kuti gulu lina likuona mwezi wathunthu pa usiku umene lina likuona wosiyana, ndiye anakhala pansi n'kujambula matebulo a masiku, potsatira kayendedwe ka mwezi ka mu 1941 ndi 1942, mpaka zonse zinagwirizana.

George R.R. Martin, mwini nkhani ya Game of Thrones, naye chimodzimodzi. Mkangano wa mabanja a m'nkhaniyo a Stark ndi Lannister ndi mthunzi wa nkhondo ya mabanja a York ndi Lancaster ku England m'zaka za m'ma 1400. Ukwati wamagazi umene unaliza anthu pa TV uja anausoka kuchokera ku zinthu ziwiri za ku Scotland: phwando la mu 1440 ku Edinburgh Castle kumene mnyamata wolowa ufumu wa banja la Douglas ndi mng'ono wake anaitanidwa kudzadya n'kuphedwa, ndi za ku Glencoe mu 1692 pamene asilikali anapha eni nyumba amene anawasunga pafupifupi milungu iwiri. Khoma lake la madzi oundana linabadwa ataima pa Hadrian's Wall, khoma lakale la Aroma kumpoto kwa England, mu 1981, n'kungolikweza kufika mafiti 700.

Kuno ku Africa n'chimodzimodzi. Amos Tutuola, amene buku lake linasindikizidwa ku London mu 1952, anatunga mu nthano za Chiyoruba, njira imene D.O. Fagunwa anali atailambula kale mu 1938. Ben Okri anapata mphoto ya Booker mu 1991 ndi nkhani ya abiku, mwana wamzimu amene amabadwa n'kufa, kubadwanso n'kufanso, chikhulupiriro chimene sanachipeke yekha. Ena amatunga pa bala. Anne Rice anataya mwana wake wamkazi wa zaka 5 ndi khansa ya m'magazi mu 1972, ndipo m'buku lake la mu 1976 muli kamtsikana kopopa magazi kamene sikakula. Koma ngakhale iyeyo, ndi chisoni chonsecho, masana ankafufuza za anamapopa, usiku n'kumalemba.

Palibe ndi mmodzi yemwe amene anangogona n'kudzuka ndi buku. Palibe.

Ndiye musanaike mutu wachiwiri, tengani kope. Tsamba loyamba lembani malamulo a chilombo chanu, ndipo ayankhe mafunso awa: chimatha chiyani, sichitha chiyani, chimalipira chiyani chikagwiritsa ntchito mphamvu, chimafa bwanji, ndani akudziwa zimenezi. Funso lachitatulo ndi limene ambiri mumalumpha. Matsenga aulere amapha nkhani, chifukwa ngati mfiti yanu ingathe chilichonse popanda kutaya kanthu, wowerenga alibe chifukwa chodera nkhawa. Wolemba nkhani zamatsenga Brandon Sanderson anaika mfundoyi poyera kalekale: mungathetse vuto la m'nkhani ndi matsenga molingana ndi mmene wowerenga akuwamvetsera matsengawo. Mphamvu imene ipulumutse mtengambali pa mutu 20 ionekere pa mutu 3, ikulephera kapena ikupweteka mwiniwake. Ikangotulukira pa mutu 20 pomwepo, mwabera wowerenga.

Kenako werengerani masamu. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, ndipo akataya 2 moyo wake uli pachiswe. Ngati namapopa wanu amapha munthu usiku uliwonse, ndi mitembo 365 pachaka. Mwamuika m'mudzi wa anthu 500 n'kunena kuti wakhalamo zaka 200 osadziwika? Sankhani chimodzi: amwe pang'ono, asamukesamuke, kapena anthu adziwe. Mwezi umakhala wathunthu kamodzi pa masiku 29 ndi theka, ndiye munthu wosanduka chilombo mwezi ukawala sangasanduke Lachiwiri n'kusandukanso Loweruka. Jambulani mapu musanalembe ulendo, ngakhale ndi pensulo. Woyenda pansi amatha makilomita 5 pa ola pamalo abwino, 25 kapena 30 patsiku ngati sanasenze zolemera, ndiye mzinda umene mwauika makilomita 300 sangaufike mawa m'mawa pokhapokha mutamupatsa mapiko, ndipo mapikowo akhale pa tsamba loyamba lija. Pomaliza tebulo la masiku, mzere umodzi mtengambali mmodzi, kuti mudziwe amene ali kuti Lachitatu usiku.

Za kutunga, musatunge pa chitsime chimodzi. Wotunga pamodzi amatuluka ndi kope ya buku la mwiniwake, ndipo owerenga amanunkhiza msanga. Onani mmene anachitira Martin: zochitika ziwiri zotalikirana zaka 252, n'kuzisoka kukhala chimodzi. Werengani mbiri yakale, nthano za mitundu ina, mabuku a zachipatala, milandu ya kukhothi, ndipo chilichonse chokugwirani mtima chilembeni pamodzi ndi kumene mwachitenga, kuti tsiku lina musadzaike chiganizo cha munthu wina n'kumayesa chanu. Kuopa kuti kuwerenga kukuwonongerani luso ndi ulesi wovala jekete, wothandizidwa ndi mafilimu amene amaonetsa wolemba akudzidzimuka pakati pa usiku n'kulemba buku lonse tambala asanalire.

Ndipo inu ena amene mwalemba pansi pa positi yomweyo kuti olemba zoterezi amatumidwa ndi ziwanda, musaseke, muli m'gulu lomwelo. Nanunso mukukhulupirira kuti buku limatsika kuchokera kwinakwake munthu ali mtulo, mwangosintha wotumiza. Tolkien anali Mkatolika wosaphonya Misa. Mnzake C.S. Lewis, wa Narnia uja, analemba mabuku oteteza Chikhristu amene abusa amagwiritsa ntchito mpaka lero, ndipo chithunzi chimene chinayambitsa Narnia anachisunga m'mutu kuyambira ali ndi zaka 16 mpaka buku kutuluka mu 1950. Chiwanda chanji chodikira zaka zoposa 30? Ambiri a inu simunatsegule ngakhale tsamba limodzi la mabuku amene mukuwatembererawo, mwangoona chikuto.