Masamba a pamsewu amaposa wapolisi

Dzulo ndikuchokera kumsika pa kabaza tinapeza nthambi za masamba zitaikidwa pamsewu. Wakabaza sanafunse munthu. Anangoima, tonse tinatsika, n'kumakankha njinga mpaka titadutsa nthambi zachiwiri. Mnyamata amene tinakumana naye anali atavula chipewa. Panalibe wapolisi kapena chikwangwani, koma aliyense anadziwa kuti pali maliro ndipo anadziwa chochita.

Kumbukirani mu 2020, nthawi ya Covid-19, boma litalamula kuti pamaliro pasapitirire anthu 50. Kwathu pasiwa pankadzadzabe. Sikuti anthu sankaopa matenda ayi. Chindapusa cha boma chimakhala kutali, pamene diso la mnansi wako lili pakhomo pomwepo. Ukamajomba kumaliro palibe amene amakukalipira. Anthu amangosunga mumtima. Tsiku likadzakugwera iwe, adzukulu amakhala pansi makasu ali pambali, mpaka upite kwa amfumu ndi nkhuku kapena mbuzi kukapepesa. Maliro n'kulirana, ndipo mudzi suiwala amene anabwera.

Ine mwambo umenewu ndimaukonda kuchokera pansi pamtima. Bambo atatisiya, kusanache n'komwe amayi a m'mudzi anali atafika ndi mitolo ya nkhuni, wina kambale ka ufa, wina ndowa ya madzi pamutu. Sitinawaitane. Amayi a Mvano anaimba usiku wonse, ife tilibe mphamvu ngakhale yosonkha moto.

Koma chimodzi chimandiwawa, abale anga: kulengeza chipepeso mokweza, dzina ndi ndalama yake. Wochokera ku Joni akatchulidwa anthu amang'ung'udza mosilira, kenaka pamatchulidwa mayi wamasiye wogulitsa tomato ndi kandalama kake kochepa. Ndinamuona mayi wotere akuweramitsa mutu, chitenje chili kukamwa. Mayiyu anatseka benchi yake masiku awiri, ndiye amene anatunga madzi, kuphika nsima ndi kugona pasiwa pa mphasa. Zimenezo m'kope simulembedwa.

Mwambo sunagwe kumwamba, tinaupanga ndife, ndipo umasintha anthu angapo akayamba kuchita mosiyana ena n'kuona kuti palibe chaipa. Amfumu athu, a komiti ya maliro, lembani ndithu m'kope kuti banja lidziwe owathokoza. Pa chimkuzamawu ingotchulani zonse pamodzi, mayi uja adzathe kudzutsa mutu.