Ku Joni akuti digiri yathu njoperewera? Tiyeni tiwerengetsane zaka

Abale anga, makamaka inu aphunzitsi anzanga a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amene mukulota za masitazi, imvani zimene zandiwawa. Ndinalembera yunivesite ina ya ku South Africa kupempha malo oti ndikachite masitazi ya zolembalemba za m'Chingerezi. Mapepala onse ndinatumiza, ndalama zoti aunike digiri yanga ndinalipira m'marandi, pomwe kwacha yathu mukuidziwa mmene yafookera. Yankho linabwera laulemu ndithu, koma mfundo yake inali imodzi: digiri yanu siyikukwanira, yambani mwachita kaye Honours, maphunziro a pakati pa digiri yoyamba ndi masitazi, chaka chathunthu.

Tiwerengetsane. Ife kuno timakhala zaka 8 ku pulayimale, 4 ku sekondale, 4 ku yunivesite. Zonse pamodzi ndi 16. Mwana wa ku Joni amatha zaka 12 kuti afike pa matric, mayeso awo omaliza a sekondale, kenako digiri yake ndi ya zaka 3 zokha. Akawonjezera Honours m'pamene amafika pa 16 pomwe ife tinafika kale. Ndiye wotsalira ndani pamenepa? Chaka chomaliza ife tinalemba kafukufuku, tinawerenga ndakatulo, zisudzo ndi nthano zitalizitali mpaka maso kufiira, buku limodzi kalasi yonse, kumalandizana usiku ngati mwana wodwala. Lero wina ali mu ofesi yozizira bwino akungoona pepala n'kunena kuti sitinafike.

Chimene chikundipweteka kwambiri ndi ichi: pangano la mayiko a SADC pa zamaphunziro linasainidwa mu 1997 pa Blantyre pompa, ulendo wa minibasi kuchokera pa Chitakale. M'panganomo anagwirizana kuti mayunivesite azisungira ophunzira a m'mayiko anzawo malo 5 pa 100 alionse, kuti fizi izifanana ndi ya eni dziko, komanso kuti mapepala a sukulu azilemekezedwa mbali zonse. Za fizi ayesetsa, sindikana, ngakhale amaikapo kandalama kena ka alendo, ndipo viza satulutsa usanalipire inshuwalansi ya chipatala ya komweko. Koma za kulemekeza mapepala zija zinathera pa tebulo. Tiyi wa m'minda yathuyi amagula matani ndi matani, amamwa m'mawa uliwonse osafunsa kuti wafikapo kapena ayi. Akaona digiri yochokera dera lomwelo m'pamene sikelo ikutuluka.

Ndipo tisamachite ngati zolembalemba tikuziphunzira kwa iwo. Gulu la alembi la ku Chancellor College linayamba mu 1970, nthawi imene kulemba chilungamo kunali kuika khosi pa mpeni. Jack Mapanje anachoka pa Zomba n'kukatenga digiri ya udokotala ku London, ndipo atabwerako anakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu. Steve Chimombo anakafika ku Columbia, ku New York, ndipo ndiye anatenga Napolo, yemwe ife a m'mphepete mwa phiri timamudziwa ndi misozi, n'kumulowetsa m'ndakatulo za Chingerezi. David Rubadiri anadutsa ku Makerere mpaka ku Cambridge. Dothi lomwe linabala anthu amenewa ndi lomwe latiphunzitsa ife.

Komabe chilungamo ndichinene, ngakhale chikundiwawa. Pa zipangizo atisiya kutalitali. Mnzanga wina amene anavomera kuchita Honours akuti laibulale ya kumeneko ukalowa sufuna kutuluka, nkhani za kafukufuku za dziko lonse umazitsegula pa kompyuta uli m'chipinda chako, ndipo supavaiza ukamutumizira chaputala amabweza atachonga mzere ndi mzere usanaiwale n'komwe zimene unalemba. Kuno ndikudziwa anthu amene masitazi ya zaka ziwiri yawakalambitsa, kudikira munthu mmodzi kuti awerenge ntchito yawo. Ena mwa aphunzitsi a m'mayunivesite athu udokotala wawo anakautenga ku yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa komweko, ndipo kumeneko anakalemba za alembi athu omwe. Zimenezi zimandichititsa manyazi: kuti ufufuze bwino mlembi wa ku Malawi, uyenera kukwera basi kudutsa pa Mwanza, Tete ndi Beitbridge, chifukwa mabuku ake ali kumeneko, kwathu kuno adatha kalekale.

Koma kukhala ndi laibulale yaikulu si chilolezo chopeputsira zaka za mnzako. Chaka chowonjezeracho kwa iwo n'chaching'ono. Kwa mphunzitsi wa pa CDSS ndi chaka cha lendi m'marandi, chaka china chopempha tchuthi ku unduna, chaka china ana ako akukula ukuwaonera pa WhatsApp. Ndani angakwanitse zimenezo ndi malipiro athuwa?

Anzathu a ku Zambia alibe matama amenewa, digiri yawo ndi ya zaka 4 ngati yathu, timamvana msanga. Ku Mozambique, ngakhale pa Muloza ndi pakhomo, sukulu yawo ndi ya Chipwitikizi, ndiye wofuna zolembalemba za m'Chingerezi sayang'ana kumeneko kwenikweni. Ku Dar es Salaam nako aliko amene apita n'kubwerako bwinobwino.

Ine Honours sindichita, ndakana. Mapepala anga ndikuwatumiza ku Lusaka, ndipo ndikufunsanso ku yunivesite ya pa Zomba pomwe pano ngati angandilole kuphunzira ndili pa ntchito. Inu amene munalowa masitazi ku Joni ndi digiri ya kuno popanda kubwerezedwa chaka, tiuzeni kuti munadzera khomo liti, chifukwa m'masitafu rumu a kuno tilipo ambiri amene talandira kalata yofanana ndi yangayi.