Nkhani si dzanja: maganizo anga pa zodzala pazenera la khitchini

Anzanga, pali mawu amene ndimamva kawirikawiri alendo akaona timiphika tanga pazenera: "Inu muli ndi dzanja, ine chilichonse ndikadzala chimafa." Mawu amenewa amandikhudza, chifukwa wowanenayo amakhala atagwa mphwayi pa chinthu choti akanachitha bwinobwino. Ine ndikukana, nkhani ya dzanja palibepo. Masamba okometsera chakudya amene timadzala m'nyumba amafa kwambiri ndi zinthu ziwiri, mdima ndi madzi ochuluka, ndipo zonsezi munthu akhoza kuzikonza akangozidziwa.

Ndimakhala m'fulati yaing'ono. Khitchini yake ndi yoti anthu awiri sangapishanemo, ndipo zenera ndi limodzi lokha, pamwamba pa sinki. Basil wanga woyamba, amene ndi mtundu wina wa masamba onunkhira okometsera chakudyawa, ndinamugula ali kale mumphika, wobiriwira, wodzadza mpaka m'milomo. Ndinamuika pamwamba pa firiji poti mpamene amaoneka bwino, n'kumathirira m'mawa ndi madzulo. Sabata ziwiri zisanathe masamba anali atagwetsa nkhope. Ndinawonjezera madzi, poganiza kuti ndi ludzu. Tsiku limene ndinamuzula ndinapeza mizu yabii, yoterera, ikununkha ngati matope a m'ngalande. Zinandipweteka, koma tsiku limenelo m'pamene ndinadziwa kuti mizu imapuma. Imafuna mpweya umene umakhala m'timipata ta dothi, ndiye dothi likakhala chinyowere timipatato timadzadza madzi ndipo mizu imaola. Chosokoneza n'chakuti chomera cha mizu yoola chimafota chimodzimodzi ndi chomera chaludzu, choncho munthu wachifundo amathamangira kuthirira n'kumalizitsa.

Kuyambira pamenepo mphika wopanda mabowo pansi sindidzalamo kanthu, kaya ukongole bwanji. Sindithiriranso poyang'ana tsiku. Ndimapisa chala m'dothi mpaka pamfundo yoyamba: mukakhala chinyezi ndimasiya, mukauma ndimathira mpaka madzi atulukire pansi, kenaka ndimataya otsalira m'kambale. Ndinadzadziwanso mochedwa kuti mphika wa basil wogula uja sukhala ndi chomera chimodzi. Mumakhala mbande zambirimbiri zothithikana, zolimbirana dothi lodzadza dzanja limodzi. Ukazigawa m'miphika itatu kapena inayi zimapeza moyo.

Koma chachikulu kuposa zonse ndi kuwala, ndipo apa maso athu amatinamiza. Chipinda chimene ife timatha kuwerengamo buku osayatsa getsi, kwa chomera chikhoza kukhala mdima ndithu. Kuwala kumachepa msanga ukangotalikira pang'ono kuchokera pagalasi, moti patebulo la pakati pa khitchini ndi pazenera penipeni ndi malo awiri osiyana kotheratu. Basil amafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposa patsiku. Akalisowa amadziulula yekha: amatalika mowonda, masamba amatalikirana, mtundu umatuwa, thupi lonse limapendekera kuzenera. Musanagule kanthu, tsiku lina muli pakhomo onani nthawi imene dzuwa lafika pazenera ndi nthawi imene lachokapo. Amene ali kum'mwera kwa equator, mzere wogawa dziko lapansi pakati, zenera loyang'ana kumpoto ndilo limalandira dzuwa lambiri, pomwe a kumpoto kwake lawo ndi loyang'ana kum'mwera. Ngati lanu ndi la dzuwa lochepa musataye mtima. Minti, parsley ndi anyezi wamasamba zimapirira kamthunzi. Palinso mababu a LED opangira zomera, amene amayatsidwa maola 12 mpaka 16 patsiku. Ine ndimatembenuzanso miphika pang'ono masiku angapo alionse kuti mbali zonse zilawe dzuwa.

Chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chodzala zonse m'kabokosi kamodzi kataliitali kuti zizioneka bwino pachithunzi. Zomerazi zili ndi makhalidwe osiyana. Rosemary ndi thyme kwawo ndi kumadera a nyanja ya Mediterranean, kwa dothi lamiyala ndi chilimwe chouma, ndiye zimafuna dothi liziuma kaye musanathirirenso. Basil amakonda chinyezi ndi kutentha. Mukaziphatikiza, mmodzi adzavutika basi. Minti ndiye musamuyandikize kwa aliyense, chifukwa amayala misinde pansi pa dothi n'kulanda mphika wonse. Mpatseni wakewake. Coriander sakonda kuwokeredwa poti ali ndi muzu umodzi wolowa pansi, ndipo kukatentha sachedwa kuchita maluwa, choncho ndi bwino kufesa pang'onopang'ono sabata ziwiri kapena zitatu zilizonse. Parsley amafuna kudekha: njere zake zimatha sabata zitatu, nthawi zina zinayi, zisanamere, ndipo ambiri amataya dothi zisanatuluke n'komwe.

Tsopano ndifike pamene pali mtima wanga. Ndaona anthu akulera basil ngati duwa, kuopa kuthyolako ngakhale tsamba limodzi. Mmenemo ndi mmene amaonongekera. Chomerachi chimakula bwino chikamadyedwa. Yang'anani tsinde lake: masamba amamera awiriawiri moyang'anizana, ndipo m'khwapa mwa tsamba lililonse muli kamphukira kakang'ono kamene kakudikira. Mukatsina nsonga pamwamba penipeni pa masamba awiriwo, timphukira tija timadzuka, ndipo pamene panali nthambi imodzi pamatuluka ziwiri. Mukadzatsinanso ziwirizo zimakhala zinayi. Kuthyola masamba akuluakulu am'munsi n'kusiya nsonga kumakupatsani ndodo yaitali yokhala ndi kachisoti pamwamba. Ine sindichotsa kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu nthawi imodzi, ndipo maluwa akangoyamba kuonekera ndimawatsina, popeza chomera chikayamba za njere chimasiya kutulutsa masamba ofewa. Kansonga kamene mwadula, mukakachotsa masamba am'munsi n'kukaika m'kapu ya madzi pazenera, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri kamatulutsa timizu toyera ngati ulusi. Kameneko ndi chomera chatsopano chaulere, choti mukhoza kugawira mnzanu. Minti amatero mosavuta kuposa pamenepo.

Nanga kuvutika konseku n'kwa chiyani, poti zouma za m'timabotolo zilipo? Tikitani tsamba la basil ndi zala ziwiri, kenaka mununkhize zalazo. Fungo limenelo ndi mafuta amene amakhala m'timatumba ting'onoting'ono pankhope ya tsamba, ndipo mafutawo amathawa ndi kutentha. N'chifukwa chake basil, coriander, parsley ndi minti ndimaziika kumapeto, nditaphula kale poto pamoto, ndipo ndimazing'amba ndi manja. Rosemary ndi thyme ndi zolimba, zimalowa koyambirira n'kumapsa limodzi ndi nyemba kapena nkhuku. Zouma sindizinyoza. Thyme wouma amagwira ntchito ndithu, ndipo poyeza, supuni imodzi ya zouma imaimira masupuni atatu a zaziwisi. Koma basil wouma ndi basil wongothyola kumene, ine ndimaona ngati ndi zinthu ziwiri zongofanana dzina.

Palinso nkhani ya kutaya. Munthu wophikira pakamwa pamodzi kapena pawiri akagula mpukutu wa masamba amagwiritsa pang'ono, otsala n'kukaolera m'firiji. Basil ndiye sagwirizana n'komwe ndi kuzizira, kukazizira kufika pansi pa madigiri 10 a Celsius amayamba kuda mawangamawanga. Pazenera umathyola masamba asanu amene ukufuna, otsala akupitiriza kukula.

Ndisakunamizeni, timiphika titatu sitingadyetse banja, ndipo mavuto alipo. Nsabwe za m'masamba zimabwera, zimabisala kunsi kwa masamba anthete, ndipo ine ndimangopendeketsa mphika pasinki n'kuzitsuka ndi madzi a pampopi. Tintchentche takuda touluka pamwamba pa dothi ndi chizindikiro choti mwathirira mopitirira. Mphika ukayandikira sitovu masamba amawauka. Chimene timiphikati tinasintha kwa ine ndi kaphikidwe. Pali masiku amene ndimafika nditatopa, maganizo ali pongodya buledi n'kugona. Ndikamasamba m'manja pasinki dzanja limakhudza minti, fungo n'kudzadza kakhitchini konse, ndipo ndimapezeka ndatenga poto. Mazira awiri, tomato mmodzi, kamchere, masamba anayi a basil pamwamba moto utazima. Chakudya cha mphindi khumi, koma ndimakhala pansi n'kuchidya ndi mtima wonse.

Amene mukufuna kuyesa, musayambe ndi mitundu isanu ndi umodzi. Sankhani zimene mumaphikira kale. Kapena yambani usiku uno ndi anyezi wamasamba: mukamadula, siyani kachidutswa koyera ka kumizu kotalika ngati chala, kaimikeni m'kapu ya madzi ochepa ongomiza mizu, muzisintha madziwo pakapita masiku awiri. Pofika tsiku lachitatu mudzaona kobiriwira katatumphuka pakati pomwe munadula paja. Akakula pang'ono muwaokere m'dothi, chifukwa m'madzi okha amatopa mukadula kawiri kapena katatu. Anga ndinawaokera sabata yatha m'chitini chimene ndinachiboola ndi msomali, ndipo mawa m'mawa ndidulako oyamba.