Mapiritsi amene ankandidwalitsa mutu

Mutu waching'alang'ala unandiyamba ndili mtsikana kwathu ku Ulongué. Ukabwera umagunda mbali imodzi ngati wina akusinja mumtondo, kuwala kumalasa m'maso, ndipo fungo la utsi wa nkhuni lokha limandibweretsera mseru. Agogo anandidula mphini m'mbali mwa maso muno, zipsera zilipo mpaka lero, koma mutu sunamve.

Nditasamukira ku Moatize, kotentha kuja, zinaipiratu. Ndinkamwa paracetamol pafupifupi tsiku lililonse, kenako tramadol amene mnzanga wina ankandigawira. M'malo mochepa, mutu unayamba kundidzutsa m'mawa uliwonse.

Chimene ndinadzamva mochedwa n'chakuti ubongo umapanga wokha mankhwala opha ululu, ma endorphin ndi ma enkephalin. Ma enkephalin anawatulukira John Hughes ndi Hans Kosterlitz ku Aberdeen mu 1975, pofufuza ubongo wa nkhumba. Mankhwala a muubongowa amakamatirira pamalo omwewo amene morphine, mankhwala amphamvu opha ululu a kuchipatala, amagwira. Ofufuza ena anadzapeza kuti anthu amene ching'alang'ala chimawagwira masiku ambiri pamwezi amakhala ndi beta-endorphin wochepa m'madzi ozungulira ubongo ndi msana. Tsono tramadol ndi codeine nawo amakakhala pamalo omwewo. Ukawamwa kawirikawiri, malowo amazolowera, amagontha, ululu n'kubwerera uli ndi ukali. Madokotala amati kumwa amenewa masiku 10 kapena kuposa pamwezi, kapena paracetamol masiku 15, kwa miyezi yopitirira itatu, kumatha kubala mutu wakewake. Ine ndinkadutsa pamenepo kutali.

N'chifukwa chake zimandinyansa ndikaona mapiritsi akuyalidwa pamsika pambali pa tomato, kapena munthu m'chapa (minibasi) akutulutsa m'chikwama n'kunena kuti “imwani awa mayi, ngamphamvu”. Chifundo chake ndi chenicheni, koma wodwalayo mukumukumbira dzenje.

Kusiya kunali kowawa, ndisaname. Sabata yoyamba ndinagona mumdima nditamanga duku pachipumi. Kuchipatala anandithandiza kuchepetsa pang'onopang'ono, poti tramadol samusiya mwadzidzidzi. Masiku ano ndimayenda ndawala m'mamawa dzuwa lisanapse, chifukwa kulimbitsa thupi kumakweza ma endorphin, ndipo mutu umabwera patalipatali. Sunathe ayi. Ma endorphin ndi mbali imodzi chabe, palinso mtsempha wa trigeminal (wonyamula ululu wa kunkhope ndi kumutu), kusowa tulo, njala, ndi nthawi ya kumwezi kwa ife amayi, amene matendawa amatigwira pafupifupi katatu kuposa abambo.

Koma chonde musapotoze mawu anga. Kuyenda kumathandiza pa masiku amene munthu ali bwino. Mutu ukagwira kale, ngakhale kuwerama kuti utole chikho kumawonjezera kugunda, ndipo ungathe kukhala maola 4 mpaka 72. Apongozi anga ankati ndi ulesi, ndidzuke ndikatulutse thukuta kumunda. Tsiku lina ndinawamvera, ndinakasanza pamzere wachiwiri.